Chitsulo cha Bwana Wanimo

Ana anga, musanandiseke inu, ndiyambe ndadziseka ndekha. Ine bambo wanu, amene lero mumandibweretsera mapepala a Chingerezi kuti ndikumasulireni, ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti mzungu wina ku Cassacatiza anali pa chibalo. Ndinkati analakwira mfumu yakwawo, ndipo inamugamula kuti madzulo alionse azinyamula chitsulo, kuchikweza m'mwamba, n'kuchibwezera pomwe wachitenga. Musaseke mpaka kugwa. Ife tinakula tikudziwa kuti munthu sanyamula cholemera popanda womukankha kumbuyo, kaya ndi njala, kaya ndi sipayi. Nanga inu mukanaganiza chiyani?

1952, ntchito yoyamba

Za ubwana ndizilumpha, munalibe kanthu, mphere ndi mbuzi basi. Kwa a padiri, ansembe a kumishoni aja, ndinaphunzirako pang'ono chabe, kungokwanira kulemba dzina langa, Zuze Phiri, ndi kupepesa m'Chipwitikizi. Nditakwatira mayi wanu, a Nambewe, ndinakhala pachikamwini kumudzi kwawo, mbali ya ku Mualadzi. Masiku amenewo mwamuna wopanda ntchito yolembedwa anali ngati nkhuku yogona panja. Asipayi, amene anali apolisi a boma la Apwitikizi, ankalowa m'midzi kudzasankha amuna a chibalo, ntchito yokakamiza ija, ena kukaswa miyala ya msewu, ena kuminda ya khonje kutali kunyanja yamchere. Mkulu wanga Manuwele anamutenga ali ndi chifuwa ngati cha ng'ombe, anabwerako akutsokomola ngati nkhalamba, ndipo khasu sanaligwirenso. Chimene chinkatchinjiriza munthu ndi kaderneta, kabuku ka boma kaja, ngati m'kati mwake muli dzina la bwana amene ukumugwirira ntchito. Amuna akwathu anaphunzira kuyenda chowerama ndi kutsokomola akamva kuti asipayi ayandikira. Ine kutsokomola kwanga sikunkamveka koona. Mulungu anandipatsa mapewa osabisika.

Ndiye mayi wanu anandiphikira mbatata za kamba wa panjira, ine ulendo ku Cassacatiza, kumalire. Kumeneko kunali kampani ya malole, amene kwathu timati makamyau, yoyenda pakati pa Tete ndi Fort Jameson, kumene lero mukuti Chipata. Inali ndi shedi ya katundu ndi ofisina yokonzeramo magalimoto. Ndinapeza ganyu yosenza matumba, koma ganyu sailemba m'kaderneta, choncho ndinali nkhuku yogona panja yomwe ija, kungosintha mtengo.

Makaniko wa mu ofisinamo anali mzungu wolankhula Chingerezi, dzina lake Dagilasi, wamfupi, wofiira, khosi lake lofanana ndi mutu. Pankhondo yaikulu anali ndi asilikali akuda, ndipo Chinyanja anachitola kumeneko, chapaperete chokhachokha, chopanda moni, aliyense kwa iye anali iwe, ngakhale wa imvi. Akaweruka ankapita kuseri kwa ofisina, kumene anaika thabwa pamwamba pa migolo iwiri yodula. Chitsulo chake chinali ekiselo ya kamyau yakufa, uku ndi uku atakolekako madiramu a mabuleki. Ankagona chagada pathabwa paja, kutsitsa chitsulo mpaka pachifuwa, kuchikankhira m'mwamba, kutsitsanso, thukuta kamukamu, akudzikalipira yekha kuti, "Wani mo! Wani mo!" Tonse tinkangomutcha Bwana Wanimo. Patapita nthawi ndi pamene ndinadziwa kuti mawuwo akutanthauza kamodzi kena.

Ine ndinkamusuzumira pa mpata wa malata, chisoni chitandigwira. Ndinkati, taonani boma la Angerezi kuipa kwake, kumulanga munthu popanda ngakhale kapitawo womuyang'anira, iye n'kumamverabe! Masiku ena ndinkamusiyira chinangwa chootcha pa mgolo, monga tinkachitira ndi akaidi a pamsewu. Ankadya ndithu, osafunsa kuti chachokera kuti.

Tsono mudziwe mmene tinaleredwera. Kwathu ukaona wamkulu kapena mlendo wasenza katundu, umathamanga kukamulandira. Sufunsa, sudikira kuti akuitane. Mwana woyang'ana mlendo akuvutika ndi mtolo amatukwanitsa mayi ake. Ndiye tsiku lina ndinaona mikono ya mzunguyo ikunjenjemera, chitsulo chitaima pakati, osakwera osatsika. Miyendo inanditenga yokha. Ndinachigwira pakati, kuchizula m'manja mwake, n'kuchikumbatira.

"Pepani bwana, ndakulandirani," ndinatero. "Lero chibalo chanu ndikugwirireni ndine. Mfumu yanu ili kutali, siidziwa."

Anadzuka maso ali psuu. "Iwe! Chibalo chiyani?"

Ndinamufotokozera zonse, ndi za chinangwa zomwe. Anandiyang'ana, pakamwa pali yasa, kenaka anaseka mpaka kugwa pathabwa paja, akumenya pansi ndi chibakera. Atatha kuseka anaona kuti chitsulo chake ndikadachikumbatirabe ngati mtolo wa nzimbe, ndaiwala kutula. Anandizungulira kawiri, n'kunena kuti, "Mawa iwe bwera ofisina. Bwera ndi kaderneta." Umo ndi mmene uchitsiru unandipezera ntchito imene nzeru zikanalephera.

1953, kumutu kwa thabwa

Masana ntchito yanga inali kupatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo m'palafini. Madzulo inali kuima kumutu kwa thabwa lija. Lamulo linali limodzi, ndipo analinena m'Chinyanja chake chothyokathyoka: "Manja ako pansi pa chitsulo, pafupi, koma gwira ayi. Ine nena tekiti, iwe tenga. Ine nena ayi, iwe yang'ana basi." Tekiti ndiye kuti tenga. Anati mphamvu imabadwa pamene mikono yayamba kunjenjemera, ndipo wolandira chitsulo nthawi imeneyo sanathandize, waba.

Ana anga, ndagwirapo ntchito zolemetsa pamoyo wanga, koma yoposa iyi sindinaione: kuima chilili, manja ali tambalale, munthu wamkulu akubuula pamaso pako, iwe osamulandira. Ndinkamva ngati malemu mayi anga akundiyang'ana kuchokera kumanda. Manja ankapita okha. Ndikangokhudza, iye ankakuwa, "Holodi yo hosesi!" Ndinakafunsa dalaivala wina wa ku Katete, wodziwa Chingerezi cha sukulu, ndipo anati mawuwo akuti gwira akavalo ako.

"Akavalo ati?" ndinafunsa. "Kuno n'kwa kashembe, kavalo sangaone mwezi wachiwiri. Kapena akufuna ndikawagule?"

Dalaivala uja anapukusa mutu. "Achimwene, mulibe kavalo m'mawu amenewo. Akungoti dekhani."

"Nanga osangonena kuti dekha bwanji?"

"Nanga inu mukamati wakuti wadya mfulumira, mumakhala mutaona mbale yake?"

Pamenepo ndi pamene maso anga anatseguka. Ndinkayesa kuti ndife tokha okuluwika mawu, ndipo azungu amalankhula molunjika ngati msewu wawo. Ayi ndithu, nawonso ali ndi mitolo yawo. Ndipo mawu otere sumasula chingwe kuti uone nkhuni imodziimodzi, umangosenza mtolo wonse n'kuona pamene eni ake amautulira. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kufunsa kuti liwu ili likuti chiyani, ndinayamba kuyang'ana nkhope ya wolankhulayo ndi chimene chachitika.

1954, dzinja la kusowa

Chaka chimenecho mvula inakokolola milatho ya mitengo mbali zonse ziwiri, ndipo tinatsekeredwa ngati mbewa kuuna. Zitsulo zatsopano za magalimoto sizinkafika. Palafini anatha, mchere unatha, fodya wa bwana anatha mpaka anayamba kupempha chingambwe kwa alonda. Ndinaona munthuyo akudula chikopa cha mbuzi kuti atseke podontha mafuta, ndiponso tikupakira udzu m'tayala kuti kamyau ingofika pa shedi. Ntchito itachepa chotero, madzulo ankatalika, ndipo ndi mmene Chingerezi changa chinakulira, pakati pa madzi odontha ndi fungo la girizi.

Anayamba kundiphunzitsa kunyamula inenso, chilichonse ndi dzina lake. Puresi ndi kukankha chitsulo pang'onopang'ono kuchokera pamapewa kapena pachifuwa. Sinachi ndi kuchitsomphola pansi mpaka pamwamba pa mutu kamodzi n'kamodzi, monga mphamba achitira ndi mwanapiye. Sikwati ndi kunjuta chitsulo chili pamsana, ndipo ndisakubisireni, amafanana ndi munthu amene wapita kuthengo atadya mango osapsa. Kuwerenga kwa Chingerezi ndinakuphunzira ndili pansi pa ekiselo, n'chifukwa chake mpaka lero ndikafika pa eyiti ndimayamba kupuma mofulumira.

Tinkasinthana mitolo ya mawu ngati amayi osinthana ndiwo. Ndikachita ulesi ankandiuza m'Chingerezi kuti ndikweze masokosi, ine wosavala ndi nsapato zomwe. Ndinkayang'ana mapazi anga ong'aluka n'kumuyankha kuti, "Ndakweza, bwana, afika m'khosi." Ine ndinamupatsa wathu uja wakuti mutu umodzi susenza denga. Anaganiza, n'kufunsa kuti denga lake lalikulu bwanji. Ndinati la nkhokwe. Anagwira khosi lake lija nati, "Ine senza." Ndinaseka, koma ndinasunga mumtima kuti munthuyu matenda ake ndi amenewa.

Pakutha pa mwezi ndinkapita kumudzi, mapewa atakula kuposa kale. Ndinkakhala pakhonde n'kumawaonetsa mayi wanu sinachi ndi munsi wawo, iwo akuchokera kudambo, akudzitula okha mtsuko. Ankangoti, "Zikomo a Phiri, taona. Munsiwo mubwezere pamtondo."

Panali munthu mmodzi amene mapewa angawo ankamukondweretsa kuposa mkazi wanga. Ameneyu anali Jowaki, sipayi wa pamalirepo. Tikakumana ankanditsina mkono ngati wogula mbuzi. "Nenepa, Zuze, nenepa," ankatero. "Mzungu wakoyo akundiwetera ine. Tsiku limene adzatope nawe, miyala ya msewu idzakudziwa." Ndinkaseka naye, poti sipayi umaseka naye.

1956, Lamulungu la vinyu

Chaka chimenecho mayi wanu anali ndi pakati pa iwe Roza. Bwana Wanimo anagwidwa malungo oopsa, anagona masiku ambiri, ndipo anadzuka atatha ngati chimanga chofumbwa, maso achikasu, buluku likugwa. Lamulungu lina masana kunabwera Senyolo Pinto, Mpwitikizi wa kantina, sitolo ya pamalirepo, ndi anzake, Jowaki akuwanyamulira garafau, botolo lalikulu lija la vinyu. Azungu awiriwa ankanyozana m'Chinyanja chathu, poti wina sankamva chinenero cha mnzake, ndipo kumva mmene ankachithyolera kunali ngati kuona agalu awiri akulimbirana nsalu yako.

"Ingelezi watha!" anatero Pinto. "Udzudzu wadya iye. Lero nyamula supuni basi."

"Ine nyamula zonse," anatero bwana, "ndi iwe pamwamba."

Anapangana kuti akakweza chitsulo chonse kuchokera pachifuwa, ataonjezapo gudumu lolemera la m'injini mbali iliyonse, vinyu ndi wake. Akalephera, kapena wina akamuthandiza, avule chipewa pamaso pa Pinto ndi kuvomera kuti Angerezi ndi ana. Kulemera kumeneko ankakukweza ali bwino, osati atadwala. Ndinamunong'oneza m'Chingerezi chake chomwe kuti agwire akavalo ake. Sanaseke. Anandiloza chala pamaso pa anthu onse, chifukwa alonda, osenza matumba ndi amayi ogulitsa mowa anali atasonkhana.

"Iwe Zuze. Ine nena ayi, iwe gwira, ntchito yatha. Lero lomwe. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Jowaki anadzera kumbuyo kwanga n'kundiuza chapansipansi, "Gwiratu, mphwanga. Ndili ndi chingwe chatsopano, sichinalawe munthu."

Tinamupatsa chitsulo anthu awiri. Anachitsitsa pachifuwa bwinobwino. Anakankha, chinakwera pang'ono, n'kuima. Mikono inayamba kunjenjemera, ine manja ali pansi pake, osakhudza, monga anandiphunzitsira. Apa ndi pobadwira mphamvu, ndinadziuza. Koma chitsulo chinayamba kubwerera, ndipo sichinabwerere pachifuwa, chinatsetserekera kukhosi. Pinto anali kuseka. Anthu anali kukuwa, "Wani mo! Wani mo!" poyesa kuti ndi masewera ake a masiku onse. Ndine ndekha amene ndinali pamwamba pa nkhope yake. Inachoka kufiira, inayamba kuda. Pakamwa pankayasama ngati mlamba wotayidwa pamchenga. Ndinadikira liwu lija. Silinabwere. Mpaka lero sindidziwa ngati ankalifuna koma mpweya unamuthera, kapena kunyada kunamutseka pakamwa.

Musaganize kuti ndinachita mwamsanga ngati ngwazi. Ndinaona chingwe cha Jowaki. Ndinaona Manuwele atakhala padzuwa akutsokomola. Ndinaona mayi wanu akubereka ine ndili kuminda ya khonje, mwana n'kukula osandidziwa. Ndikanatha kuima pomwepo manja ali tambalale, ndipo palibe akanandiimba mlandu, poti onse anamva lamulo. Koma ndinati mumtima, ku chibalo ena amabwerako, kumene akupita munthuyu sikubwerera munthu. Ndinagwira. Ndinachizula ndekha chitsulo chimene tinachikweza awiri, n'kuchiponya pambali, mgolo umodzi n'kuphwanyika.

Anagubuduka, kutsokomola, kusanza. Pinto anali kuvina ndi garafau lake akuti, "Chipewa, Ingelezi, chipewa!" Bwana anaimirira mogwira khoma, anavula chipewa, ndipo atatembenuka sanandiyang'ane kumaso. Mawu anatuluka ngati a khwangwala: "Choka. Ntchito yatha."

Jowaki anali atalandira kale kapu yake ya vinyu. Anaikweza kwa ine. "Lero ndi Lamulungu, sitimanga munthu. Ukagone bwino, Zuze. Usadye zambiri, ulendo wa mawa ndi wautali."

Sindinapite n'komwe kukatenga bokosi langa. Ndinalowa m'tchire momwemo, kupewa msewu, mpaka kumudzi.

Masiku a m'nkhokwe

Mayi wanu anamvetsera nkhani yonse akusenda nyemba, osandidula.

"Ndiye mukanamusiya afe?" anafunsa.

"Ayi."

"Nanga mukudandaula chiyani? Lowani m'nkhokwe, ndikuponyerani chakudya."

Ndinakhala m'nkhokwe ya apongozi, pamwamba pa chimanga, anankafumbwe akundiyenda m'makutu. Njira zinali ziwiri, zonse zowawa. Kudikira Jowaki, kapena kuoloka malire kupita ku Rodeshiya monga ankachitira ambiri, n'kusiya mkazi wapakati, chifukwa atsibweni ake sakanalola kuti mwana wa mbumba yawo akabadwire kuchilendo. Ndinali nditatsimikiza zothawa mwezi ukangolowa mumdima. Munthu wa sinachi ndi puresi, womasulira akavalo a Angerezi, ndinali kulira mwakachetechete ngati mwana, kuopa kuti nkhuku zingandiulule.

Tsiku lina dzuwa litapendeka ndinamva ana akukuwa kuti kukubwera mzungu. Amuna anathawira kudambo, ena akutsokomola kale pokonzekera. Ndinasuzumira pa mpata wa nsungwi. Anali Bwana Wanimo, yekha, wapansi, kamyau ataisiya kutsidya kwa mtsinje. Paphewa anasenza bokosi langa lachitsulo, pamwamba pake atamangirira thumba la mchere. Ankayenda mopepesuka, khosi atakulunga nsalu. Panalibe sipayi kumbuyo kwake.

Palibe anamuyandikira, onse mantha. Apongozi anga, amene mwamwambo sitinkalankhulana maso ndi maso, anaima kuseri kwa mpanda n'kufunsa nkhuku zawo mokweza, "Kodi pamudzi pano palibe mwamuna wolandira mlendo? Kapena amene tinamupatsa mwana wathu uja anadyedwa ndi anankafumbwe?"

Ndinatsika, ufa wa chimanga uli mbuu thupi lonse. Ndinapita kukakumana naye. Manja anayamba kupita okha monga kale, koma satana wina wamng'ono anandinong'oneza. Ndinazungulira kumbuyo kwake, n'kuika manja pansi pa bokosi, pafupi, osakhudza. Anayenda, ine pambuyo. Anafika pabwalo, anaima. Anacheuka kundiyang'ana. Ine nkhope ili gwa, ngati ya padiri pa maliro.

"Tekiti," anatero ndi mawu ake okhwekhwereza.

"Pepani bwana," ndinati, "Chingerezi ndinachisiya ku ofisina tsiku limene ntchito inatha. Kuno timalankhula chathu."

Anatukwana mawu ena amene sindikuphunzitsani. Thukuta linali kugwera m'maso. Anayang'ana amayi amene anali atayamba kutuluka m'nyumba, anayang'ana pansi, kenaka ananena pang'onopang'ono, ngati munthu woponda pa mlatho wa mtengo umodzi:

"Ndilandireni, a Phiri."

Zaka zonse zija ndinali iwe. Sindidziwa anakafunsa kwa yani mawu amenewo, kapena anawayeseza kangati m'kamyau. Ndinalandira bokosi lija, ndipo kunena zoona linandilemera kuposa ekiselo, chifukwa maso anali atadzaza madzi.

Anamuyalira mphasa. Anamwa thobwa movutika, kukhosi kukupweteka. Anati Jowaki anabweradi ndi chingwe chake m'mawa mwake, koma iye anamuuza kuti Zuze wapita kukaona mkazi, dzina lake likadali pantchito, ndipo ngati chingwecho chikusowa chochita amangire mbuzi. Kenaka anamasula nsalu ija kundionetsa mzere wakuda wodutsa pakhosi, nati dokotala wa ku Fort Jameson wamuuza kuti kukanangotsala pang'ono. Ananena m'Chingerezi kuti ndinapulumutsa nyama yake ya nkhumba. Apo sindinafunse kuti nkhumba yake iti. Ndinayang'ana nkhope, ndinamva mtolo wonse.

"Lamulo latsopano," anatero. "Inu yang'ana nkhope. Nkhope nena tekiti, inu tenga." Anakanda m'mutu, kufunafuna mawu ena. "Mutu umodzi... mutu umodzi..."

"Susenza denga," anamalizitsa apongozi kuseri kwa mpanda, akuuzabe nkhuku.

Ndinagwira naye ntchito mpaka kampani inasamuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Anandiphunzitsa injini, anandiphunzitsa kuyendetsa, ndipo Chingerezi cha pansi pa ekiselo chija ndi chimene chinandidyetsa moyo wanga wonse pamsewu wa kumalire, ndi kukulipirirani shikola, sukulu ija, nonsenu. Chingwe cha Jowaki sichinandilawe. Pochoka anandisiyira chitsulo chija. Diramu imodzi ndi ija imalira pa kapela, katchalitchi kathu kaja, Lamulungu m'mawa, ndiye mukamaimva muzidziwa kuti inayamba yakhalapo pakhosi pa Mngerezi. Ndimamuthokoza munthu ameneyo, ndi ukali wake womwe. Ndimathokoza dalaivala wa ku Katete amene dzina lake ndinaliiwala. Ndimathokozanso mayi anga ondibereka, amene anandiphunzitsa kulandira katundu ndisanadziwe liwu lililonse la mzungu. Ndipo iwe mdzukulu wanga wa ku Tete, amene ndamva kuti umalipira kuti akulole kunyamula zitsulo m'nyumba ya magalasi, bwera kuno nthawi yokolola, matumba ndikupatsa ulere.

Koma nditsirize ndi tsiku lija. Mlendo atapita, ine ndinali nditafufuma ngati finye. Ndinafotokoza nkhaniyo kwa amuna amene anabwerako kudambo, ndinaifotokozanso kwa amene anaiona ndi maso, ndikuonjezera kulemera kwa chitsulo nthawi iliyonse. Titalowa m'nyumba ndinayambanso kuwafotokozera mayi wanu, za a Phiri, za nkhumba, za lamulo latsopano loyang'ana nkhope. Iwo anali atagona chammbali, mimba ili uko, akudzisisita msana, poti tsiku limenelo anapita kudambo kangapo chifukwa cha mlendo. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma. Kenaka anati:

"A Phiri, mwachita bwino, mzungu mwamulandira asananene kanthu. Tsono ine chikwatiwire ndimafika pakhomo pano ndi mtsuko pamutu, inu muli pakhonde, nkhope yanga mukuiona. Kapena tekiti ameneyu mundiphunzitse nanenso?"